Chigayo chikangolira tchipi imasiya kumva: kufufuza vuto la UART pa waya wa RS-485

Pa tebulo zonse zimayenda. Bolodi ya FPGA, tchipi imene mumailembera nokha kapangidwe ka m'kati mwake, imafunsa variador, bokosi losintha liwiro la mota, variador imayankha, nambala zimabwera zolondola usiku wonse osaphonya. Mauthengawa amatumizidwa ndi UART, gawo la tchipi lotumiza ndi kulandira mabiti, ma 0 ndi ma 1, imodziimodzi, ndipo amayenda pa RS-485, mtundu wa kalumikizidwe ka waya pakati pa zipangizo. Mukanyamula zomwezo kupita nazo kuchigayo, m'mawa mota isanayake zimamvanabe bwinobwino. Koma mwini chigayo akangodina batani, mota n'kuyamba kulira, mayankho amayamba kubwera oduka, ena osabwera n'komwe. Mukazimitsa mota, zonse zimabwerera mwakale ngati palibe chachitika.

Vuto limeneli ndakumana nalo kangapo kuno ku Angónia, ndipo achinyamata amene akuphunzira ku Tete Verilog ndi VHDL, zinenero zolembera kapangidwe ka tchipi, akabwera kutchuthi amandifunsa lomweli. Ambiri amafika atagamula kale kuti wolakwa ndi mota, kapena magetsi. Mota ili ndi mbali yake, sindikukana. Koma kawirikawiri imangoonetsera poyera ming'alu imene inalipo kale m'kapangidwe ka tchipi ndi m'kayalidwe ka waya, ndipo ming'aluyo ingakhale iwiri kapena itatu nthawi imodzi. Mukatseka umodzi, zolakwa zimachepa koma sizitha, ndiye mumaganiza kuti mwakonza polakwika n'kubwezeretsa zakale.

Ntchito imene ndikambepo ndi ya pa chigayo china chakufupi ndi Domwe. Mota yaikulu ya mafezi atatu imayendetsedwa ndi variador, bokosi lija losintha liwiro la mota limene anzathu a tsidya la malire ku Dedza amati inveta. Mu FPGA tinaikamo zigawo ziwiri. China chimafunsa variador kudzera pa Modbus RTU, malamulo a kafunsidwe ndi kayankhidwe pa waya, kuti mota ikukoka magetsi ochuluka bwanji. China chimayendetsa kamota kakang'ono kothira chimanga m'chigayo. Mota yaikulu ikalemedwa, kamotako kamachepetsa kuthira, ikapepukidwa kamawonjezera, kuti chigayo chisatsamwe. Mauthenga atayamba kusokonekera, kamotako nthawi zina kankathira mopitirira, chigayo n'kutsamwa, amayi ali pamzere ndi malichero ndi matumba awo. Bambo mwini chigayo anandiuza mofatsa kuti: "Mwananga, ngati kabokosi kanuka katopa, kachotseni, mnyamata azithira ndi manja monga kale." Mawu amenewa anandikhudza, chifukwa iwowo anali atatikhulupirira.

Musanagwire waya uliwonse, tchipi iziwerenga zolakwa zake

Nthawi yochuluka ndinaitaya posintha zinthu mongoganizira. Chimene chinanditsegula maso ndi kuwonjezera mizere yochepa ya Verilog yowerenga zolakwa, mtundu uliwonse pawokha: kangati biti yomaliza, ija yotseka baiti (gulu la mabiti 8 a uthenga), yapezeka ili 0, kangati parity, biti yoonera ngati baiti yafika bwino, yakana, kangati CRC, nambala yotsimikizira uthenga wonse, yakana, kangati tafunsa osalandira yankho, ndi kangati waya watsika ngati baiti ikuyamba koma n'kubwerera msanga. Nambala zisanuzi muzizitumiza ku laputopu pa UART ina yapadera sekondi iliyonse. Zimatenga malo ochepa mu tchipi, ndipo ine masiku ano sindizichotsa ngakhale ntchito itatha.

Mukatero yesani katatu: mota itazima, variador itayaka koma mota isakuzungulira, ndiponso chigayo chikugaya. Lembani nambala za mphindi khumi pa kuyesa kulikonse. Zolakwa zikapezeka ngakhale mota itazima, kaya zikhale ziwiri zokha pa mphindi khumizo, iwalani kaye za mota. Vuto lili m'nyumba mwanu momwe.

Chenjezo limodzi musanatsegule kwadro, bokosi la magetsi. Variador ya mavoliti 380 imasunga mavoliti oposa 500 m'makapasita ake ngakhale mutazimitsa magetsi. Dikirani mphindi zimene zalembedwa pa chivindikiro chake, kenako yezani ndi mita musanaikepo dzanja. Ndiponso kachingwe ka pansi ka oscilloscope, chida choonera mafunde a magetsi, musakakoleke pa mbali ya mphamvu ya variador.

Masamu a koloko

Pa UART palibe waya wa koloko. Wotumiza ndi wolandira aliyense ali ndi koloko yake, amangogwirizana liwiro. Wolandira akaona waya watsika amadziwa kuti baiti yayamba, ndiye amawerenga nthawi yekha kuti biti iliyonse aisuzumire pakati pake. Pa Modbus RTU baiti imodzi imayenda ndi mabiti 11: woyambira, 8 a uthenga, wa parity, ndi wotseka. Ngati makoloko awiriwa asiyana pang'ono, kusiyanako kumaunjikana, ndipo pofika pa biti yotseka wolandira amakhala atasuzumira pambali. Malire ake pa pepala ali pafupi ndi 4.8 peresenti kuphatikiza mbali zonse ziwiri. Malamulo a Modbus amafuna kuti wotumiza asaphonye kuposa 1 peresenti, ndipo wolandira athe kupirira 2 peresenti.

Tsopano taonani mmene anthu amagwera. Njira yotchuka ndi kusuzumira biti iliyonse ka 16. Bolodi ikakhala ndi koloko ya 50 MHz ndipo mukufuna liwiro la 9600, mumagawa 50,000,000 ndi 153,600 (9600 kuchulukitsa ndi 16), yankho ndi 325.5. Mukasankha 326 mwaphonya ndi 0.15 peresenti yokha, palibe vuto. Koma wina amatenga khodi yomweyo n'kuiika pa bolodi ya iCEstick ya Lattice, imene koloko yake ndi 12 MHz, n'kukweza liwiro kufika 115200. Kugawa kwake kumapereka 6.5. Mukasankha 7 liwiro lenileni ndi 107,143, kuchepa ndi 7 peresenti. Mukasankha 6 ndi 125,000, kupitirira ndi 8.5 peresenti. Palibe imene ingagwire. Yoopsa kwambiri ndi bolodi ya Tang Nano 9K ya 27 MHz: pa 115200 mumapeza 14.65, mukasankha 15 liwiro ndi 112,500, kuchepa ndi 2.3 peresenti. Imeneyi pa tebulo imagwira ntchito, n'chifukwa chake ndikuti ndi yoopsa. Yadya kale theka la mpata wonse, ndipo phokoso la mota likangosuntha m'mphepete mwa biti pang'ono, mpata wotsalawo umatha.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Chotsani parity kwa kanthawi, tumizani chilembo U mobwerezabwereza. Chilembochi ndi 0x55, ndipo pa waya chimaoneka ngati mano a sowo ofanana, 0 ndi 1 mosinthana. Pa 9600 dzino lililonse likhale mamaikrosekondi 104. Ka logic analyzer, kachida kojambula 0 ndi 1 wa pa waya, kotchipa kolumikiza pa USB kamakwanira.

Kukonza kwake, mwina musiye kugawa ndi 16 n'kuwerenga mwachindunji kugunda kwa koloko pa biti imodzi, pakuti 12 MHz pa 115200 imapereka 104.17 ndipo 104 imaphonya ndi 0.16 peresenti yokha, kapena mutsitse liwiro. Ine ndimalangiza kutsitsa. Pa 9600 funso la mabaiti 8 limatenga mamilisekondi 9, yankho la mabaiti 7 limatenga 8, kuphatikiza kupuma kwa pakati zonse sizifika patali ndi mamilisekondi 30. Ndiye kuti mutha kufunsa mota maulendo oposa 20 pa sekondi mosathamanga. Chimanga sichitsika m'chigayo mwachangu choposa pamenepo.

Musadalirenso koloko ya m'kati mwa tchipi imene ilibe kristo, kachida kosunga liwiro la koloko molondola. Imasintha ndi kutentha, ndipo bolodi imene mwaiyesa m'kuzizira kwa Ulongwe mu June ikakalowa m'kwadro ya chitsulo ku Moatize mu October ikakumana ndi dziko lina.

Khomo lolowera mu tchipi

Apa ndi pamene panali mng'alu wanga woyamba, ndipo ndimauona m'khodi ya ophunzira ambiri. Waya wa RX, wolandirira uthenga, umalowa mu FPGA n'kupita molunjika ku state machine, gawo lotsata masitepe a kulandira. Koma waya umenewu sudziwa koloko yanu, umasintha nthawi imene wafuna. Ukasintha pa nthawi yeniyeni imene flip-flop, kachigawo kosunga biti imodzi, ikujambula, flip-flop imatha kuima pakati kwa kanthawi, osakhala 0 osakhala 1. Kumeneku ndiye amati metastability. Palinso china chimene chimachitika kawirikawiri kuposa chimenechi: wayayo akamapita ku ma flip-flop angapo nthawi imodzi, njira zake m'kati mwa tchipi n'zosiyana kutalika, ndiye ina imaona 1 pamene inzake yaona kale 0. State machine imalumphira pamalo amene simunalembe, nthawi zina n'kukakamira pomwepo mpaka mutazimitsa bolodi. Mu simulation, poyesa khodi pa kompyuta, simungazione zimenezi, chifukwa mmenemo zonse zimasintha mwaulemu pa nthawi yake.

Mankhwala ake ndi ma flip-flop awiri otsatizana pakhomo penipeni. RX ilowe mu woyamba, woyamba apereke kwa wachiwiri, ndipo china chilichonse mu tchipi chiziwerenga wachiwiriyo basi. Chitani chimodzimodzi pa waya aliyense wochokera kunja: mabatani, ma encoder oyeza kuzungulira, chizindikiro cha vuto chochokera ku variador. Pa state machine ikani njira yobwerera poyambira ikapezeka pamalo osadziwika.

Mng'alu wachiwiri unali kukhulupirira kusuzumira kumodzi. Tiyeni tiganize chimene variador imachita. Imatenga mavoliti pafupifupi 540 a DC n'kumawadula ndi ma IGBT, ma transista a mphamvu ogwira ntchito ngati maswichi, maulendo masauzande pa sekondi. Ikaikidwa pa 4 kHz, fezi iliyonse imatseguka ndi kutseka kamodzi pa mamaikrosekondi 250, ndiye mafezi atatu pamodzi amamenya kasanu n'kamodzi m'nthawi imeneyo. M'kati mwa biti imodzi ya 9600 mumagwa kumenya kuwiri kapena kutatu. Kumenya kulikonse kumatha kulowa mu waya wa uthenga ngati kaminga kakafupi kwambiri. Ngati mumasuzumira kamodzi kokha pakati pa biti, tsiku lina musuzumira pa kamingako.

Ndiye suzumirani katatu pakati pa biti, mutenge zimene ziwiri zagwirizana. Pa 9600 kusuzumira kumodzi ndi kunzake kumatalikirana mamaikrosekondi 6.5, ndipo kaminga kamodzi kawirikawiri sikafika pa kuwiri. Pa 115200 mpatawo ndi theka la maikrosekondi, kaminga komweko katha kuphimba kuwiri. Ichi ndi chifukwa china chimene ndimakondera liwiro lotsika pafupi ndi mota. Biti yoyambira nayonso musaivomereze pongoona waya watsika. Dikirani theka la biti, muonenso. Ngati wabwerera pamwamba, chinali kaminga chabe, bwererani kodikira ndipo onjezerani pa nambala ija ya kuyamba kwabodza. Pa chigayo cha ku Domwe nambala imeneyi inkakwera ngati madzi a mtsinje wosefukira mota ikangoyaka, ndipo ndi imene inandilozera ku waya.

Nthawi yolankhula ndi nthawi yokhala chete

RS-485 ya mawaya awiri ili ngati bwalo la milandu kwa amfumu, amalankhula mmodzi ena ali chete. Pa tchipi yotumizira, monga MAX485, pali phazi lotchedwa DE. Likakhala pamwamba ndiye kuti mwatenga bwalo, likatsika mwasiyira ena. Kulakwitsa kofala ndi kutsitsa DE pamene baiti yomaliza yangolowa kumene mu shift register, gawo lotulutsa mabiti imodziimodzi, isanatuluke yonse pa waya. Baiti yomalizayo ndi theka la CRC. Variador imalandira uthenga wodukira kumchira, ndipo mwa lamulo la Modbus uthenga wa CRC yolakwika suyankhidwa, imangokhala duu. Inu mumaona nambala ya "palibe yankho" ikukwera pamene zina zonse zili pa 0. DE itsike biti yotseka itatha yonse. Mukachedwetsanso kwambiri, variador iyamba kuyankha inu mukadali pabwalo, ndipo baiti yoyamba ya yankho iwonongeka. Ikani logic analyzer pa TX (waya wotumizira), DE ndi RX nthawi imodzi, mudzaziona ndi maso.

Modbus RTU ilibe chizindikiro chosonyeza kuti uthenga wayamba kapena watha. Chizindikiro chake ndi chete. Pakati pa uthenga ndi unzake pakhale chete wa nthawi ya mabaiti atatu ndi theka, amene pa 9600 ndi mamilisekondi 4, pa 19200 ndi 2. Liwiro likapitirira 19200 malamulo amalangiza kungoika mamilisekondi 1.75. M'kati mwa uthenga umodzi, mpata pakati pa mabaiti usapitirire baiti imodzi ndi theka. Apa muone mmene phokoso limawonongera ngakhale silinakhudze baiti iliyonse ya uthenga: kaminga kakagwa m'nthawi ya chete n'kuwerengedwa ngati baiti, kamamatirira kutsogolo kwa yankho, CRC n'kukana uthenga wabwinobwino. Mukaona mayankho akuyamba ndi 00 kapena FF wosadziwika kochokera, ndi zimenezo.

CRC yanu iyeseni ndi uthenga wodziwika. Funso la 01 03 00 00 00 01 liyenera kutha ndi 84 0A. Kuwerengera kumayambira pa 0xFFFF, kumagwiritsa ntchito 0xA001, ndipo baiti yaing'ono ya CRC ndi imene imatsogola pa waya, pamene nambala za m'kati mwa uthenga zimatsogoza baiti yaikulu. Anthu ambiri amapunthwa pamenepa. Onaninso parity: Modbus mwachibadwa ndi even, ndipo mukaichotsa pamafunika mabiti otseka awiri. Variador ikayankha ndi 83 02 m'malo mwa 03, sangalalani, waya ali bwino. Ikungokuuzani kuti keyala ya register, malo osungira nambala mu variador, imene mwafunsa kulibe, ndipo nthawi zambiri ndi nkhani ya keyala 40001 ya m'buku la variador imene pa waya imalembedwa 0.

Waya weniweniyo

Tchipi ikakhala bwino koma zolakwa zikukwerabe ndi mota, tulukani panja mutsate waya ndi maso kuchokera ku bolodi mpaka ku variador. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine nditatsata wathu ndinapeza kuti mnyamata wothandiza, pofuna kuti ntchito ioneke yaudongo, anaumanga pamodzi ndi mawaya atatu opita ku mota, mtunda wonse wa khoma, ndi timalamba tapulasitiki. Sindinamudzudzule, pakuti palibe amene anamuuza. Komanso wayayo anali wa mizere iwiri yogona pambalipambali, wonga wa sipika, amene tinagula pa sitolo ina mumzinda atatitsimikizira kuti ndi yemweyo.

RS-485 imalimba chifukwa wolandira amayang'ana kusiyana kwa mawaya ake awiri, A ndi B, ndipo kusiyana kwa mamilivoliti 200 kumamukwanira. Phokoso likalowa mofanana pa mawaya onse awiri, limadzichotsa lokha. Koma limalowa mofanana pokhapokha mawayawo atapotedwa pamodzi ngati chingwe cha khonje. Pa mtunda waufupi waya wa netiweki wa Cat5 amathandiza, bola A ndi B akhale pa peyala imodzi yopotana, osati wina pa yobiriwira wina pa yabuluu. Wabwino koposa ndi wopota wokhala ndi chikuto chachitsulo. Mutalikitseni ndi mawaya a mota, ndipo pamene afunika kudutsana adutsane mopingasa, asayende limodzi. Chikutocho ine ndimachilumikiza ku terra, waya wopita m'nthaka, mbali imodzi yokha, ya ku kwadro, kuti magetsi osochera asapeze njira yoyendamo.

Zimitsani zonse, muyeze ndi mita pakati pa A ndi B. Mukapeza pafupifupi ma ohm 60, ndiye kuti marezisita awiri a 120 ali kumapeto onse awiri monga zifunikira. Mukapeza 120, umodzi ukusowa. Mukapeza 40, alipo atatu, ndipo kawirikawiri wachitatuyo amabisala pa timabolodi totchipa ta MAX485 timene timabwera naye womatiratu, kapena pa kaswichi ka m'kati mwa variador.

Kenako yatsani, aliyense ali chete, muyeze mavoliti pakati pa A ndi B. Apa ndi pamene panali gwero la kuyamba kwabodza kuja. Palibe amene akulankhula, marezisita a 120 amakokera mawaya awiriwa pamodzi, kusiyana kumakhala pafupi ndi 0, ndipo wolandira wa mtundu wakale sadziwa choti anene. Kamphepo kalikonse kamamugwedeza. Pamafunika marezisita awiri, wina wokokera waya umodzi kumwamba, wina wokokera unzake pansi, pamalo amodzi okha pa mzere wonse. Pa mavoliti 5, awiri a ma ohm 560 amapereka pafupifupi mamilivoliti 250. Pa 3.3, awiri a 390 amapereka pafupifupi 235. Ngati kulibe yankho n'kamodzi komwe kuyambira pachiyambi, sinthanitsani A ndi B musanaganize zambiri. Makampani samvana pa maina awiriwa, ndipo kuwasinthanitsa sikuwotcha kanthu.

Anthu amati RS-485 ndi mawaya awiri, koma kunena zoona ndi atatu. Wolandira amapirira pokhapokha A ndi B akhale pakati pa mavoliti 7 pansi pa ziro yake ndi 12 pamwamba pake. Variador ikamagwira ntchito imataya magetsi ena ku terra, ndipo ngati ndodo ya terra ili m'dothi louma la mwezi wa September, ziro ya variador ndi ziro ya bolodi yanu zimatha kutalikirana kupitirira malire amenewa. Pamenepo ngakhale waya wopota sathandiza. Lumikizani waya wachitatu kuchokera ku GND, ziro ya tchipi yotumizira, kupita pa phazi la variador lolembedwa SG kapena COM la mbali ya uthenga. Ngati ndalama zilipo, ikani tchipi yolekanitsa magetsi a mbali ziwirizi, monga ADM2587E ya Analog Devices. Kwa ine pa chigayo kapena pa pampu ya kudimba imeneyi si yokongoletsera. Ndipo poti mvula ya kuno imabwera ndi ziphaliwali, kachida koteteza ka SM712 pa A ndi B ndi kotchipa kuyerekeza ndi bolodi yatsopano.

Chinthu china chimene chimapha ma FPGA mwakachetechete: MAX485 ndi ya mavoliti 5, ndipo phazi lake la RO limatulutsa okwera kuposa amene mapazi a FPGA ya 3.3 amaloledwa kulandira. Gwiritsani ntchito MAX3485 kapena SP3485.

Pofuna kutsimikiza kuti phokoso likuchokeradi ku variador, sinthani carrier frequency yake, liwiro limene imadulira magetsi, kwa kanthawi, mwachitsanzo kuchoka pa 8 kHz kufika pa 4, muone ngati nambala za zolakwa zatsika. Koma ngati nambala zonse zikubwerera pa 0 zokha mota ikamayaka, imeneyo si nkhani ya waya wa uthenga. Tchipi ikuzima n'kuyakanso. Yang'anani magetsi oidyetsa, makapasita a 100 nF pafupi ndi mapazi ake, ndi waya wa reset ngati ndi wautali.

Mbali ya mota isamvere uthenga wosatsimikizika

Ngakhale mutakonza zonsezi, tsiku lina uthenga udzawonongeka ndithu. Funso ndi lakuti mota idzatani tsiku limenelo. Kuthira mopitirira kuja kunkachitika chifukwa ndinkalola nambala kupita ku gawo la PWM, lolamula liwiro la kamota, baiti ikangofika, CRC isanaonedwe. Ngakhale popanda phokoso njira imeneyi ndi yolakwika. Nambala ikamachoka pa 255 kupita pa 256, pa waya ikuchoka pa 00 FF kupita pa 01 00. Baiti yaikulu ikafika yokha, kwa milisekondi imodzi tchipi imaona 01 FF, amene ndi 511. Sungani uthenga wonse pambali, CRC ivomere, kenako nambala yonse isamukire nthawi imodzi, ndipo PWM iitenge poyamba pa kuzungulira kwatsopano, osati pakati.

Pa H-bridge, ma transista anayi oyendetsa kamota, transista ya pamwamba ndi ya pansi zisayake pamodzi ngakhale kwa kamphindi. Pakati pa kuzima kwa ina ndi kuyaka kwa inzake pakhale kampata. Pa koloko ya 50 MHz kugunda kumodzi ndi mananosekondi 20, ndiye kampata ka mananosekondi 500 ndi kugunda 25. Kukula kwake kwenikweni kuchokere pa pepala la transista ndi driver, tchipi yoyatsa ma transistawo, zimene muli nazo. Kampataka kakachepa, ma transista amatentha popanda katundu, ndipo kumenya kwake kumagwedeza magetsi a bolodi yonse, UART n'kumavutika ndi phokoso lochokera m'nyumba momwemo. Kumbukiraninso kuti FPGA ikamayaka imatenga kanthawi isanalowetse kapangidwe kake, ndipo m'nthawi imeneyo mapazi ake sali m'manja mwa khodi yanu. Ikani marezisita okokera pansi pa mawaya opita ku driver ndi pa DE.

Pakhale kawerengedwe ka nthawi kamene kamabwerera pa 0 pokhapokha pafika uthenga wa CRC yolondola. Theka la sekondi likadutsa popanda uthenga wotere, kamota kothira kaime. Variador zambiri zilinso ndi poikira chochita uthenga ukasowa, ndipo ngati tchipi yanu ndi imene ikulamula liwiro la mota yaikulu, pamenepo musapasiye potseka. Batani lofiira loimitsa mwadzidzidzi lokha lisadutse mu FPGA kapena mu Modbus. Likhale ndi waya wakewake wopita molunjika kodula mphamvu, chifukwa pa chigayo pali malamba ndi manja a anthu.

Ku Domwe ntchito yonseyi inanditengera maulendo atatu a njinga yamoto. Ulendo woyamba ndinaika ma flip-flop awiri ndi kusuzumira katatu, tchipi inasiya kukakamira koma CRC inkakanabe. Wachiwiri tinasintha waya, n'kumuyendetsa khoma lina, n'kuika marezisita okokera, ndipo kuyamba kwabodza kunatsala kochepa. Zotsalazo zinatha ulendo wachitatu titalumikiza waya wa SG ndi kukhoma ndodo ina ya terra kuseri, pamene amatayira madzi otsukira. Tsiku limenelo ndinakhala pa thumba la madeya, laputopu ili pamiyendo, ufa ukutera pa kiyibodi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nambala ya CRC osasuntha. Bambo aja anabwera kudzasuzumira, nandifunsa ngati kabokosi kachira. Ndinawayankha kuti kachira, koma ndidzabweranso mvula yoyamba ikagwa kudzayeza ndodo ya terra ndi kuonanso nambalazo, ndipo mnyamata ndamusonyeza kanyale kofiira kamene kamayaka uthenga ukasowa, kuti akakaona azindiimbira asanakhudze waya uliwonse.